A Pearson Namate ndi Phazi la Abdala

Inali sikisi koloko m'mawa, chiperoni chikuwaza, pamene mayi wina wa ku Chiradzulu anasiya mwana wake pasukulu ya mishoni ku Blantyre. Munali m'chaka cha 1906, mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anabatizidwa dzina loti Pearson, ndipo ndi amene mpingo unadzawadziwa kuti a Namate, mmisiri womanga nyumba.

Maphunziro sanapite nawo patali, koma manja anali nawo. Mmisiri wa ku Scotland amene ankawaphunzitsa kuyala njerwa ndiye anawaonetsanso masewero oponya chitsulo, chobulungira ngati dzungu laling'ono koma cholemera ngati njerwa zitatu. Anzawo, pozolowera kugenda mango, ankachikokera kumbuyo n'kubinya chigongono. A Namate anamva msanga, ndipo zimene anamvazo anadzazinena moyo wawo wonse: "Ichi sagenda, amakankha. Chikhale patsinde pa zala, osati pachikhatho. Chigunde khosi, chigongono m'mwamba. Mphamvu ichokere kumwendo, idzere m'chiuno. Dzanja n'longoperekeza."

Atakwatira mayi Felicia anakakhala ku Kanjedza. Lamlungu ankalawirira kukasesa m'tchalitchi ndi kuliza belu. Loweruka masana ankaphunzitsa chitsulo pabwalo la ku Limbe.

Tsiku lina m'chaka cha 1926, mvula ikubwera, anafulumira. M'malo mobwerera nacho chitsulo m'manja, monga lamulo linenera, anachiponyera kwa anzawo. Chinagwera phazi lamanja la Abdala, Msilamu wonyamula katundu pasiteshoni, amene anangoima kuonerera. Phazilo linapola mokhota. Akapitawo posankha anthu a ntchito anayamba kumudumpha, chonsecho kunyumba kunali mkazi wake Halimatu ndi ana atatu.

A Namate anabisa chitsulo pansi pa bedi, ndipo mwezi uliwonse ankasenza chimanga kupita nacho kwa Abdala. Tsiku lina Abdala anatulukira ku Kanjedza akutsimphina.

"A Namate, chimanga chanu tatopa nacho. Ine si mwana wamasiye. Chili kuti chija chinandidya phazi?"

"Che Abdala, ndinachisiya. Ndinalonjeza kwa Mulungu."

"Mulungu munamuuza, nanga ine mwini phazi munandifunsa? Pamasewero a Chaka Chatsopano akapitawo onse amakhalapo. Andione ndikuchikankha, aone ngati ndinatha."

A Namate anapemphera sabata yathunthu, kenako anachitulutsa. Vuto analiona kale. Woponya ndi dzanja lamanja amakankha ndi mwendo wamanja, ndipo wa Abdala sukanatha. Choncho kwa mwezi wathunthu iwo eni anadziphunzitsa kuponya ndi lamanzere kuseri kwa nyumba, kuti adziwe pamene thupi limakana. Atatero anamuitana.

"Dzanja losadyera ili?" anatero Abdala. "Kwathu ngakhale moni sitipereka nalo."

"Sindikuti muchidye, Che Abdala. Ikani pakhosi."

Abdala anaphunzira miyezi isanu. Chitsulo chinkathawa pakhosi, chigongono chinkagwa, ndipo a Namate ankachikweza ndi chala, osakalipa. Abdala akaponya, iwo ankayenda kukachitola n'kudzachiika m'manja mwake.

Tsiku la masewero kunali amuna khumi ndi mmodzi. Ulendo woyamba Abdala anapepesuka n'kuponda thabwa la malire, ndipo sichinawerengedwe. Wina m'gulumo anakuwa kuti, "Mpatseni ndodo, osati chitsulo!" Ulendo wachiwiri chinagwa pafupi. A Namate anamuyandikira.

"Mukuthamangira kuona kumene chikagwere. Maso atsale kumbuyo, chiuno chitsogole. Kuonako ndikuonerani ine."

Ulendo wachitatu Abdala anakhala pamwendo wamanzere, nanyamuka nawo bwinobwino. Sanapambane. Anakhala wachitatu. Koma kapitawo wa nyumba ina ya fodya anabwera, namugwira phewa, nati, "Lolemba ubwere." Abdala anakweza mabelo a fodya kumeneko zaka zoposa makumi awiri.

A Namate anaphunzitsabe mpaka mapewa anakana. Za tsiku la ngozi ankauza okha wophunzira aliyense watsopano, asanamugwiritse chitsulo. Mayi Felicia anamwalira mu 1944. Lamlungu lotsatira belu linalira nthawi yake.

A Namate anamwalira mu Ogasiti 1951, Lachinayi masana, atakhala pakhonde, buku la Masalimo lili pamiyendo. Pamaliro Abdala anaima panja pa tchalitchi mpaka mapemphero anatha. Kumanda akulu a mpingo anamupempha kuti anenepo mawu.

"Munthu uyu anandithyola phazi," anatero. "Koma sanandizembepo panjira ngakhale tsiku limodzi."

Mawu ake anali omwewo, ndipo abusa anati palibe choonjezera. Msika wa fodya unali usanatseke chaka chimenecho, mabelo anali akudikira. Abdala anasasa dothi m'manja, nagwira chanza akulu a mpingo, n'kutsika msewu wa ku Limbe.