Katailosi ka Buluu

Ndikukumbukira chaka chimene ntchito zomanga zinaima mu Dublin. Ku Tyrrelstown kumene tinkakhala, nyumba zina zinangolekezera m'mawindo, udzu n'kumera pakhomo. Bambo anga, amene ankajambula mapulani a nyumba, anachotsedwa ntchito, ndipo anasiya kuyankhula. Munthu amene kale ankatsutsana ndi wailesi tsopano ankangokhala duu pampando, jekete lili m'thupi. Ine ndinkaopa kuti mawu awo apitiratu.

Lamlungu lina titatuluka ku Misa, amayi anatikweza sitima yapamtunda yopita ku Dún Laoghaire, tawuni ya m'mphepete mwa nyanja, ati tikapitidwe mphepo. Inatipitadi, mpaka makutu kuuma. Nyanja inkanunkha ndere, ndipo mbalame ina yopanda mwambo inanditsomphola tchipisi m'manja.

Pothawa mphepoyo tinakhotera kamsewu kena, n'kupeza hotela yotsekedwa, yomangidwa m'zaka za m'ma 1960. Kwa ine chinali chinyumba chotuwa basi. Koma bambo anaima. Anayang'ana denga lafulati, makonde opindika ngati nthiti za bwato, njerwa zamabowo zolowetsa kuwala, ndi khoma la timatailosi ta buluu. Kenako anayamba kulisisita khomalo ngati ng'ombe imene akufuna kugula.

"Amake Tadala," bambo anaitana amayi ndi dzina langa, "taonani khonde ili. Mzati uli kuti? Palibe. Anthu amenewa konkire ankaidziwa."

Atayamba choncho sanalekenso. Masitepe ake, ati, anali ngati a hotela ya ku Blantyre kumene anavinira ukwati wawo. Ine manyazi anandigwira, poti anthu oyendetsa agalu ankaticheukira. Amayi, amene za mapulani sizinkawakhudza n'komwe, ankangosonkhezera ndi mafunso.

"Nanga mabowowa, bambo a Tadala, simulowa makoswe?"

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Mtima wanga unakhala pansi, ndipo za tchipisi zija ndinaiwala. Pochoka, amayi anatola katailosi kamene kanagwa pakhomalo n'kukaponya m'chikwama.

Hotelayo inapulumuka zaka zonse zovutazo chifukwa panalibe wokhala ndi mphamvu zoigwetsera. Zinthu zitayambanso kuyenda, anaigumula n'kumangapo mafulati agalasi, oti ukadutsa sucheuka. Bambo anapezanso ntchito, ndipo masiku ano vuto lathu ndi kuwakhalitsa chete. Katailosi kaja kali kukhitchini, amayi amaikapo ketulo. Mlendo akangofunsa kuti kanachokera kuti, tonse timadziwa kuti tiyi azizira.