Anabadwa, Osati Anabedwa

Kumalo osindikizira mabuku komwe ndimagwira ntchito kunali bambo ena achikulire omwe tinkawatcha a Dikirani. Ntchito yawo inali kuwerenga pepala lililonse lisanalowe m'makina, rula pansi pa mzere, bolopeni yofiira m'manja. Kasitomala akapsa mtima pakhomo, iwo ankangoti, "Dikirani, kuthamanga sikufika."

Tsiku lina ndinawafunsa chomwe ankadzivutitsira chonchi. Anatsegula dirowa n'kutulutsa pulogalamu yakale ya maliro a mwana. Pansi pa chithunzi panalembedwa kuti "Anabedwa" m'malo mwa "Anabadwa".

"Ndine ndinaivomereza osawerenga bwino, ndikuthamangira kukadya," anatero. "Maliro atatha, mayi ake anabwera. Sanakalipe ayi. Anangoti, 'Bambo, mwana wanga sanabedwe. Ndinam'bereka ndekha, ndipo wafera m'manja mwanga.'"

Mwezi wathawu a Dikirani anatisiya, ndipo pulogalamu ya maliro awo inagwera ine. Woyendetsa makina anandikuwira kuti nthawi yatha, abale atopa kuima panja. Ndinatenga rula yawo ija n'kuiika pansi pa mzere woyamba.

"Dikirani," ndinatero.