Thabwa la m'kabusi ya agogo

Bambo anga sadziwa kuti ndine ndinawotcha thabwa lija. Mpaka lero amati linabedwa.

Kuseri kwa nyumba yathu ku Budiriro kuli kabusi, bogi yamatabwa imene inkakhala kumapeto kwa sitima, momwe antchito ankagona ndi kudyera. Agogo anga aamuna, ochokera ku Malawi, ankaphika m'menemo, ndipo atapuma ntchito anaibweretsa kuno yopanda mawilo. Pa thabwa lina pafupi ndi chitseko analemba ndi mpeni dzina la mudzi wawo, la mfumu ndi la mtsinje, kuti wina wa ife adzakafikeko.

Chaka chatha mwana wanga anatsegula m'mimba. Magetsi kunalibe, gasi anali atatha, ndipo madzi a pamjigo ndinkawaopa. Mvula inali itanyowetsa matabwa onse. Louma linali la mayina lomwelo. Ndinalizula n'kuwiritsira madzi.

Mwanayo amangodwaladwalabe. Bambo akukalamba, akukumbukira dzina la mtsinje lokha. Ine, ndi satifiketi yanga yakukoleji, sindinaganize zojambula mayinawo pafoni ndisanakoleze moto. Denga la kabusi nalonso layamba kugwa.

Ndiuzeni, mukanakhala inu mukanatani? Ndinachita bwino kodi?