Amene Anadya Nawo Komaliza

Ndinadzuka kusanache, khosi likuwawa chifukwa chogona chokhala pa sofa. Amayi a kumpingo amene anachezera kuimba anali lambalamba pansi, atafunda majekete. Kuseri kwa nyumba yathu ku Balbriggan ena anali atayatsa kale masitovu a gasi pansi pa tenti, poti kuno kudziko la azungu moto wa nkhuni sitikoleza. Kunkawaza kamvula, mphepo ikuchokera kunyanja.

Bambo a Tadala, amuna anga, ankadwala mphumu kuyambira ali mwana. Adokotala anali atatichenjeza kuti mankhwala ena osungira zakudya, otchedwa salifaiti, amawatseka m'chifuwa. Ine ndinkawerenga paketi iliyonse ndisanaiponye m'basiketi. Koma tsiku lina masana anakadya ku lesitilanti ina ku Swords, n'kuitanitsa saladi. Masambawo anali atawazidwa mankhwala omwewo kuti azioneka ngati othyola kumene, ndipo pa menyu sanalembepo kalikonse. Pofika nawo kuchipatala anali atatisiya. Patebulopo sanali okha. Anali ndi mayi wina wa ku Zambia, mnzawo wa kuntchito ku eyapoti.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena pa sitima, a ku Citywest m'magalimoto. Mtsikana wina anabwera ndi mbale yaikulu ya saladi, amayi a kukhitchini anamulanda msanga n'kukaibisa mugalimoto.

Kenako anafika mayi uja. Ndinali ndisanamuonepo, koma ndinamudziwa ndi mmene manong'onong'o anayambira: ndi uyu anali nawo. Wamtali, chitenje chomanga bwino, maso otupa. Anagwada patsogolo panga, ndinamupatsa dzanja. Atadzuka, azimayi anamuzinga. Anamukumbatira, anamupatsa mpando ndi tiyi. Aliyense ankafuna kumva kwa iye mmene zinakhalira. Ine namfedwa anangondipepesa n'kudutsa.

Kutchalitchi abusa anamupatsa mpata woti alankhule. Anati iye anafunsa wopereka chakudya ngati m'saladimo munali kanthu, n'kuyankhidwa kuti ndi masamba chabe. Anati malo odyera azikakamizidwa kulemba poyera chilichonse chimene awaza pa masamba, ndipo sapuma mpaka zitatheka. Bambo wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti lamulo lilipo kale, vuto ndi kusalitsata. Anthu ankagwedeza mitu. Zonse zimene ananena zinali zoona, koma mtima wanga unkatentha. Ankadziwanso za chifuwa chawo? Anamuuza liti?

Tinatsatira galimoto ya maliro pang'onopang'ono, azungu oyenda m'mbali mwa msewu akuima mpaka titadutsa. Manda anali okumbakumba, dothi lake atalivindikira ndi kapeti yobiriwira. Mvula inakula. Tadala anandigwira dzanja. Mayi uja anaima kutsidya kwa dzenje, pansi pa maambulera a anthu ena, akulira kuposa ine.

Anthu atayamba kubwerera ndinamutsatira.

"Asisi, ananena chiyani pomaliza?"

"Bamake Tadala, zitayamba sanakambe chilichonse. Mpweya unasila."

"Nanga zisanayambe?"

Anayang'ana pansi. "Anali kuseka. Anali kuniuza nkhani ya mbuzi ya amalume awo imene inalowa mu chalichi. Tinaseka maningi."

Ndinamuthokoza. Sindinamufunse zina, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati panali zina zoti ndifunse.

Madzulo anthu anatsuka mapoto, anagwetsa tenti, n'kumapita mmodzimmodzi kuti akapeze sitima. Tadala anakadzitsekera kuchipinda kwake. Ndinakhala ndekha kukhitchini, hita ikungolira.

Nkhani ya mbuziyo ndikuidziwa. Anandiuza tili pachibwenzi ku Zomba, ndinaseka mpaka misozi. Koma chibwerereni kuno, ine ndinkasamalira okalamba usiku, iwo n'kumalawirira ku eyapoti. Tinkakumana pakhomo, wina akuvula nsapato wina akuvala, zokamba zathu zili za sukulu ya mwana ndi mankhwala opopera m'kamwa. Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinawamva akuseka komaliza, osalipeza. Mayi uja, kulikonse kumene anali madzulo amenewo, kuseka kwawo kunali kudakali m'makutu mwake.