Mkwiyo Woyera wa Mayi Febe a ku Kabudula

Abale mumpingo, abusa andipempha kuti ndilembe mbiri ya Mayi Febe Likoswe, amene tawaika m'manda mwezi wathawu. Ndilemba, koma musayembekeze mawu ofewa.

Mayi Febe anabadwira ku Phalombe. Kuno ku Kabudula anafika ali kumsana, makolo awo atabwera kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Sukulu sanapite nayo patali, chifukwa eni esiteti ankafuna timanja ta ana tosoka fodya. Kuwerenga anakaphunzirira m'kalasi ya ubatizo. Amuna awo, a Laston, anamwalira msanga, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Aubrey. Mayiwa anamuphunzitsa ndi dimba la tomato ndi mabanzi ophika mu uvuni wadothi, mpaka anakhoza folomu 4.

Ntchito Aubrey sanaipeze. Anazungulira maofesi a mu Lilongwe mpaka nsapato zinang'ambika, ndipo kulikonse funso linali limodzi: "Wakutuma ndani?" Anapalasako kabaza pa Nsaru, kenako anatsatira anzake ku Joni. Anabwerako ali m'bokosi, khoma litamugwera pa ntchito yomanga.

Pamaliro ake mlaliki wina anati achinyamata a lero ndi aulesi, akuthawa khasu. Mayi Febe anaimirira pakati pa amayi a Chigwirizano.

"Bambo, khasulo akalimire m'munda wa ndani? Mwana wanga wafera pa ntchito, inu mukuti ulesi?"

Akulu a mpingo anawaitana kukawadzudzula. Iwo anapepesa kuti anadula ulaliki, koma anati mawuwo sawabweza. Lamulungu lotsatira anali pa benchi yawo, akuimba monga mwa masiku onse.

Kuyambira pamenepo anayamba kutola anyamata ndi atsikana amene ankangokhala pamsika, masatifiketi akudyedwa ndi chiswe kunyumba. Anawaphunzitsa kukanya ufa, kuumba uvuni ndi kusamala mbande. Ntchito siinkayamba asanapemphere, ngakhale ankakonda kunena kuti, "Pempherani mwachidule, mabanzi apserera." Ambiri a ife tinkadutsa pamenepo titanyamula mabuledi a m'tauni.

Nthawi ya kampeni kunabwera bwana wina wa galimoto lalikulu. Analonjeza ntchito kwa wachinyamata aliyense, nawagawira malaya ndi kachasu. Chrispin, mmodzi wa ophunzira a mayiwa, anatengeka. Bwana uja anamutuma kukagenda msonkhano wa chipani china, ndipo mnyamatayo anamangidwa. Bwanayo sanakamuoneko. Amene ankakwera minibasi ndi miyendo yotupa, atanyamula chakudya cha mkaidi, anali Mayi Febe.

Atapambana, bwana uja anabwera m'tchalitchi muno kudzathokoza Mulungu, ndipo anamupatsa mpando wakutsogolo. Potuluka, mayiwa anamuimika pakhomo.

"Malaya aja munawapatsa, bwana, ndipo atha kale. Kodi ntchito ija ili kuti?"

"Amayi, zinthuzi zimatenga nthawi."

"Nthawi, eti? Pogenda paja simunawauze kuti adikire."

Bwanayo analowa m'galimoto n'kumapita. Ena anati mayiwa achititsa mpingo manyazi. Manyazi a chiyani? Kodi manyazi si ana athu amene akukalamba atakhala pa njinga, kudikira munthu woti amukweze?

Chrispin atatuluka m'ndende, mayiwa anamulandiranso osamukumbutsa kanthu. Lero ndiye akuyendetsa uvuni uja. Faness, amene anafika kwa iwo atathawa ntchito ya m'nyumba yosalipidwa, akuphika pa Nambuma ndipo walemba anzake ntchito.

M'zaka zomaliza matenda a shuga anawafooketsa ndipo maso anachita khungu, koma sanadandaule. Ankakhala pakhonde, fungo lokha n'kuwauza kuti mabanzi apsa. Anamwalira Lamulungu masana, abusa atangowapatsa mgonero, ana amene anawaphunzitsa aja akuimba pabwalo. Nkhope yawo inali yodekha ngati ya munthu wogona atatsiriza ntchito.

Asanatsirizike anapempha chinthu chimodzi: kuti tchalitchi chathu chakale, momwe mukugona mileme ndi mabenchi othyoka, chiperekedwe kwa achinyamata kuti aziphunziriramo ntchito zamanja. Pamaliro akuluakulu anawatama mpaka dzuwa kupendeka. Za pempholi palibe anatchulako.

Ambuye awalandire mdzakazi wawo mu mtendere. Akulu a mpingo akumana Loweruka likudzali. Chrispin, Faness ndi anzawo anena kuti abwera, ndipo ati sadzadikirira panja.