Magalagadeya a pa Mpanda wa Atelala

Atelala asoka zovala zaka makumi atatu pakhonde lomwelo, mashini awo atayang'ana kumpanda. Pakamwa pawo m'polusa. Kasitomala akadandaula kuti diresi lathina, amamufunsa kuti, "Lathina ndi diresi kapena mimba yanuyo?" Komabe anthu amabwera, poti msoko wawo sumasuka.

Mpandawo ndi wa waya, ndipo unaikidwa chaka chimene amuna awo anawasiya. Bamboyo sanapite kutali ayi. Anangodula poloti pakati, n'kumanga nyumba mbali inayo ndi mkazi watsopano, amene Atelala anamutcha Kanyimbi chifukwa cha mafuta ake onunkhira. Ndiye tangoganizani: ukadzutsa mutu pamashini, uyo mwamuna wako wakhala pampando, akumwa tiyi m'kapu imene unagula ndiwe. Mtima unkawawa zedi. Chimene Atelala ankafuna chinali chimodzi, kuti asamamuonenso munthu ameneyo.

Vuto linali mthunzi. Nyumba yawo ndi mtengo wa mango zinkatchinga, moti mbali yawo ya mpanda inkaona dzuwa m'mawa mokha. Anayamba ndi kubzala maluwa oyanga a boganivila poti ali ndi minga. "Azimubaya Kanyimbi akamayanika zovala," anatero. Koma boganivila popanda dzuwa sachita kanthu, anangokhala timitengo ta masamba owerengeka. Atayesa chinkhupule, chinakwera msanga, koma chilimwe chitafika chinauma, n'kusiya zonse pambalambanda.

Wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu ndiye anawalangiza. "Mayi, pamthunzi wotero yesani magalagadeya. Mizu yake imakonda pozizira, nsonga zimadzifunira zokha dzuwa. Kungoti amamwa madzi ngati ng'ombe."

"Ndakufunsa za ng'ombe? Ndipatse atatu."

Anabzala, koma zothirira ankakumbuka mwa apo ndi apo, makamaka mayunifolomu a sukulu akachuluka. Chodabwitsa, mbewuzo zinakula mwamphamvu. Pomatha chaka mpanda wonse unali bii, osaona ngakhale mwendo wa mpando uja. Chipatso sichinaoneke mbali yawo, koma analibe nazo ntchito. Aliyense wobwera kudzayeza chovala ankamuonetsa dzanja. "Ili ndi dzanja, mwamva? Ndawatsekera kunja agalu aja."

Tsiku lina masana Kanyimbi anatulukira pageti atasenza beseni lodzaza ndi magalagadeya.

"Zikomo mayi. Bambo akuti ndikupatseni, mbewu ndi yanu. Zipatso zonse zikuberekera kwathu kuli dzuwa."

"Kadyetseni nkhumba."

Kanyimbi sanakwiye. Anatula beseni pansi, akumwetulira kumwetulira kwake konyansa kuja. "Landirani ndithu, anavutikira. Chibzalireni inu, m'mawa uliwonse amathirira kudzera pawaya, zidebe ziwiri, ndi msana wawo uja. Manyowa anakagula okha. Ankati mpandawu utsekeke msanga."

Phazi la Atelala linaima pamashini. Chaka chonse ankanyada kuti amutsekera kunja, chonsecho munthuyo ndiye ankasenza madzi kuti asamaone nkhope yawo. Mkazi amene anamuberekera ana anayi, amene anamusokera malaya onse a kuntchito! Kusiyidwa kuja kunawawa, koma izi zinaposa.

Sanalire. Anadikira Kanyimbi atuluke pageti, kenako anatenga sizasi yaikulu yodulira nsalu n'kupita kumpanda. Anagwada, napeza tsinde loyamba, lachiwiri, lachitatu. Sizasiyo inabuntha, koma zonse zinaduka.

Pasanathe milungu iwiri masamba anayoyoka. Atelala anakolopola zouma zonse pawaya, nasendeza mashini kufupi ndi mpanda, pamalo poti munthu wokhala pampando uja sangawaphonye.

Mpaka lero, m'mawa uliwonse bamboyo akangotuluka ndi kapu yake, mawu amamupeza, okweza kuti ndi oyandikana nawo amve.

"Mwadzuka bwanji, bambo a ana anga?"

Iye amatembenuza mpando n'kuyang'ana khoma.