Tsiku Limene Ndinawatsekera Mawu Bambo Anga

Bambo anga anagwira ntchito ku Zimbabwe kuyambira ine ndisanabadwe mpaka imvi zitawayera mbuu. Ankasamalira bwalo la kiriketi pasukulu ina ya ana a anthu olemera: kuthirira, kumweta udzu, ndi kukoka chigudumu chachitsulo chosalazira dothi la pakati pa bwalo. Atabwerera kwathu ku Mualadzi anapeza kuti m'mudzi monse mulibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti kiriketi n'chiyani. Akayamba kufotokoza, anzawo a pabawo ankangoti, "Za ku Halale izo," maso ali pa njombwa zawo.

Ine ndimaphunzitsa pashikola ku Chifunde. Nditagula telefoni yaikulu, ndinayamba kuwasungira timavidiyo ta kiriketi ya mayiko, n'kumapita nato kumudzi pamota, njinga yamoto, kamodzi pamwezi. Poyamba masewerawo ankanditopetsa. Munthu amathamanga kuchokera kutali n'kuponya mpira wolimba ngati mwala, kulunjika timitengo titatu tozikidwa pansi, pomwe wina waima patsogolo pake ndi thabwa kuti aukhome. Basi, tsiku lonse. Koma Bambo akakhala pambali panga pakhonde, nkhope ataiyandikiza pakagalasi, ankasanduka munthu wina, ndipo n'chifukwa chake sindinkajomba.

Ankakonda oponya mpira mwaliwiro, ndipo pamenepa ndi pomwe tinkakangana. Ine wanga anali mnyamata wina wamtali, wamanzere, amene akaponya timitengo tinkachita kuuluka. Bambo ankangoseka.

"Iwe umakonda phokoso," ankatero. "Ameneyo amamupatsa mpira watsopano m'mawa, udakali wonyezimira, umakhota wokha m'mwamba. Ndani angalephere? Tamupatse masana dzuwa lili paliwombo, mpira utatha ngati chigwada chophika, mphepo ikumuwomba kumaso. Ukaone ngati aseke."

Wawo anali wina wojintcha, wopanda changamu kwenikweni, amene ankangoponya pamalo amodzimodzi mpaka wathabwa uja atatopa. Ankati ameneyo ndiye amasenza gulu, pomwe anzake akupuma, ngakhale m'manja amawombera ena. Panalinso wachitatu, wothamanga timasitepe tochepa, mkono wake wooneka ngati unathyokapo ali mwana. Ameneyu amamuitana kumapeto zinthu zikavuta, kuti aponye molunjika zala za kumapazi. Pa iyeyu tinkagwirizana, ngakhale Bambo ankada nkhawa ndi msana wake ngati mwana wawo.

Chimene chinkandisangalatsa n'chakuti iwo sankawayeza anthuwa ndi timitengo tomwe agwetsa. Ankawayeza ndi maenje. Woponya aliyense amaponda malo amodzi ndi phazi lakutsogolo, ndipo pofika madzulo pamakhala dzenje. Kwa zaka zonse zija, masewera akatha, Bambo ndi amene ankagwada ndi ndowa ya dothi la pachulu n'kumakwirira.

"Wolemera phazi amakumba ngati nguluwe, ndipo mawondo ake sachedwa kutha," ankandiuza. "Koma alipo ena opepuka, ukafika pamalo pawo umangosesa. Amenewo amakalamba nawo mpira."

Ndiye kunabwera nkhani ya maso. Mlongo wanga wamkulu, amene amakhala ndi Bambo pamodzi ndi mwamuna wake, anandikokera kuseri kwa nkhokwe tsiku lina. Anati Bambo saonanso bwino. Anawapeza akulimira chimanga, akudula mbewu n'kusiya udzu. Mchere ankathira m'tiyi. Kuchipatala cha ku Chifunde anali atamuuza kuti zikumveka ngati ng'ala, ndipo madotolo a ku Tete amapala, koma ikakhalitsa zinthu zimavuta. Bambo ankakanitsitsa. Ku Tete ndi komwe Mayi anapita osabwerako, ndipo sankafuna n'kumva komwe dzina la mzindawo.

Nditawafunsa, anandiyankha mosavuta. "Wakhungu amaonera kiriketi? Si iwe umakhala nane pano? Ndinalakwitsapo woponya ndi mmodzi yemwe?"

Zinali zoona. Sanalakwitsepo. Ndinabwerera ku Chifunde ndikuganiza kuti mlongo wanga akukokomeza. Ndili panjira, mota ikudumpha m'mabampu, m'pamene zinandifikira. M'timavidiyo tija mumakhala azungu ofotokoza masewera m'Chingelezi. Ine Chingelezi sindimva, ndinaphunzira Chipwitikizi, choncho kwa ine linali phokoso chabe. Koma Bambo anakhala nacho Chingelezi theka la moyo wawo. Miyezi yonseyi iwo ankaonera ndi makutu.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha sindinabadwe nako. Ndikanatha kudikira kuti tikhale awiri. Ndikanatha kupita nawo kumunda n'kuwafunsa mwaulemu. M'malo mwake ndinakonza msampha ngati mmene ndimachitira ndi ana obera mayeso, ndipo ndinkadziona wochenjera.

Mwezi wotsatira ndinafika masana. Pakhonde panali anzawo awiri a pabawo, ndipo mlamu wanga, mkamwini wawo, anakhala chapatali akusoka thumba. Ndinatulutsa telefoni, n'kutseka mawu, n'kuika kavidiyo ka wojintcha uja, wokondedwa wawo.

"Lero mawu akuvuta, Ababa," ndinanama. "Tingoonera choncho. Ndi wamanzere wanga uja ameneyu."

Anayandikiza nkhope. Kenaka anayamba.

"Ee, ndi yemweyo. Taonani kutalika kwake, ngati nsungwi. Mkono wamanzerewo ukuchokera kutali. Koma phazi akuponda molemera lero."

Anapitiriza choncho, molimba mtima, akuwalozera anzawo ndi chala. Pakagalasi munthu wamfupi wonenepa ankaponya ndi dzanja lamanja. Mmodzi wa madala aja anasuzumira, n'kunena mosaganiza kuti, "Koma achimwene, ameneyu ngwamfupitu. Ndipo akuponya ndi kumanja."

Apa ndikanatha kuwapulumutsa. Ndikanati ndasokoneza mavidiyo ndine. Koma ndinali nditatenthedwa ndi kupambana, ndipo ndinanena mokweza kuti, "Mwaona, Ababa? Simukuona kanthu inu. Muzivomera."

Mlamu wanga anaweramitsa mutu, n'kunyamula thumba lake, n'kuzemba. Kwathu mkamwini sayenera kuona apongozi ake akuchita manyazi, ndipo iye anadziwa zimenezi kuposa ine mwana wobereka. Madala aja anakumbuka mwadzidzidzi kuti mbuzi zawo zili padzuwa. Tinatsala awiri. Bambo anandibwezera telefoni ndi manja awiri, ngati akupereka chinthu kwa mlendo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandimenya.

Kenaka anayankhula, osandiyang'ana. "Woponya aliyense limafika tsiku loti amulande mpira. Palibe amene amaupereka yekha. Koma mtsogoleri wabwino amamuuza m'chipinda chovalira, iwe. Samulanda pakati pa bwalo."

Ndinapepesa. Anangogwedeza mutu. Mawa lake m'mawa ndinawapeza atavala jekete lawo la kutchalitchi, kachikwama kali pamwendo, akundidikira. Tinanyamuka pamodzi ndi mlongo wanga, ndipo ulendo wonse wa ku Tete sanadandaule fumbi, njala kapena mantha. Atafika pakhomo la chipatala anaima pang'ono, n'kugwira dzanja la mlongo wanga, osati langa.

Anawapala diso limodzi, kenaka linalo patapita miyezi. Akuona tsopano. Amalimira okha chimanga chawo, amawerenga Baibulo lawo la zilembo zikuluzikulu, ndipo anamuuza mlongo wanga kuti wakalamba osawauza. Aliyense amati ndinachita bwino, ndipo mlongo wanga amandithokoza mpaka lero. Inenso ndikawaona akuyenda okha kupita kumsika, mtima umakhala pansi. Ndimadzifunsa ngati akanavomera ndikanawauza mofatsa tili awiri. Mwina akanakana mpaka khungu litawagwira. Sindidziwa, ndipo kusadziwako sikundichotsera manyazi.

Nditapita koyamba atachira, ndinali nditasunga timavidiyo tambiri, ndikuganiza kuti tsopano awaona anthu awo aja bwinobwino, ndi maenje omwe. Ndinakhala pambali pawo pakhonde n'kutulutsa telefoni. Anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine ndi maso awo atsopanowo, oyera bwino.

"Bweza m'thumba, mwana wanga," anatero mofatsa. "Adotolo anati kuwala kwa zimenezi kumawononga maso."

Ndinalipo pomwe adotolo ankayankhula nawo, ndipo sananene zimenezo. Ndinabweza telefoni m'thumba, ndipo tinakamba za mvula.